Kalata kwa akuluakulu a chigawo cha Tete: manambala amene mumatenga kwa ife, tibwezereni

Olemekezeka Bwanamkubwa wa chigawo cha Tete, akuluakulu oyang'anira zaulimi ndi zamalonda m'chigawo chino, komanso inu a maofesi a SDAE, oona zaulimi ndi zamalonda m'maboma, ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde,

Landirani moni wanga wa manja awiri. Ine ndine mayi wochita bizinesi yaing'ono kuno ku Ulongué. Ndili ndi kasitolo kogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda, ndipo nyengo yokolola ikafika ndimagulako nyemba, soya ndi chimanga kwa alimi n'kumagulitsa kwa amalole. Ntchitoyi ndakhala nayo zaka zoposa khumi. Musaope, sindikudzapempha ngongole. Chimene ndikupempha muli nacho kale m'maofesi mwanu, ndipo chinachokera kwa ife tomwe.

Chaka sichitha osabwera munthu pakhomo pa sitolo yanga atanyamula mapepala, masiku ano ena amanyamula tabuleti. Amafunsa mtengo wa lata ya chimanga, matumba a feteleza amene ndagulitsa, kumene ndimaoda katundu. Kumudzi amafunsa kukula kwa munda, zokolola, ziweto. Timawapatsa mpando, timayankha, amathokoza n'kukwera njinga yamoto. Ndiye basi. Zimene anapeza ataphatikiza mayankho athu tonse sitizimvanso. Mu 2017 a INE, bungwe la boma loona za kalembera, anatiwerenga nyumba ndi nyumba, napeza kuti m'chigawo chino tilimo anthu oposa 2.6 miliyoni. Koma funsani wabizinesi aliyense pamsika wa Ulongué ngati anaonapo pepala lomuuza kuchuluka kwa mabanja olima m'dera limene iye amagulitsamo.

Ndiyambe ndakuuzani mmene ndinadziwira kuti manambala ali ndi ntchito, chifukwa kale nanenso ndinkaona ngati ndi zinthu za anthu a m'maofesi.

Kuyambira pamene ndinatsegula sitolo ndimalemba chilichonse m'kope: chalowa, chatuluka, wakongola, wabweza. Kope likadzaza ndimaliponya m'katoni kuseri kwa kauntala. Ndinkalemba kuopa kuberedwa ndi kuiwala angongole, basi. Mwana wa achimwene anga, amene anaphunzira zaulimi pa sukulu ya UniZambeze kuno ku Ulongué, anabwera kudzandithandiza patchuthi china. Akusesa anapeza katoni ija, nayamba kutsegula makope limodzi limodzi. Kenaka anandifunsa.

"Azakhali, mwa katundu yense muli nayeyu, amene amakupatsani phindu lalikulu ndi uti?"

"Feteleza. Nanga chimenecho n'chofunsa?"

"Munawerengera, kapena mukungoona ndalama zimene zimalowa m'dirowa?"

Ndinakwiya pang'ono, koma ndinamulola. Anatenga makope a zaka zinayi n'kuyamba kulowetsa mzere ndi mzere mu pulogalamu yowerengera ya Excel pa laputopu yake. Zinamutengera pafupifupi masabata atatu, ndipo nthawi yambiri inathera pa kukonza zimene ine ndinalemba mosokoneza. Pena ndinalemba "nyemba malata asanu" osanena ngati inali lata yosongoka kapena yosalaza. Pena "thumba" linali la makilogalamu 50, pena linali lija lalikulu losokerera pamwamba. Tsiku limene kwabwera ogula ochokera ku Dedza ndinkalemba mtengo wa makwacha pamzere womwewo wa mametikali popanda chizindikiro. Madzulo aliwonse tinkakhala awiri, iye akufunsa, ine ndikukumbukira. Anandiuza kuti ngakhale m'makampani akuluakulu, ntchito yosanthula manambala imadya nthawi kwambiri pomwepa, pa kuyeretsa, chifukwa ukathira zinyalala mu kompyuta imakubwezera zinyalala zomwezo zitavala bwino.

Atamaliza anandionetsa zinthu zitatu zimene mpaka lero zimandiyendetsera bizinesi.

Feteleza ndi amene ankalowetsa ndalama zambiri, zoona. Koma titachotsa mtengo woodera, ya lole, ya anyamata otsitsa, ndi matumba ong'ambika, chotsala pa thumba chinali kachinthu kochepa zedi poyerekeza ndi mpamba umene ndinkaikapo. Timapaketi ta mbewu ya kabichi, tomato ndi anyezi, ndi mankhwala a chiwawu cha mbatata ya kachewere, tinthu timene ndinkaika pakona ngati tongowonjezera, ndi timene tinkabweza zambiri pa metikali iliyonse. Ndipo timeneti timayenda kwambiri nthawi ya madimba, mvula itatha, pamene ine mashelefu ndinkawasiya opanda kanthu chifukwa mpamba wonse ndaukwirira m'chimanga. Anthu ankabwera, kufunsa, n'kupita kukagula kwina. Amenewo m'kope sankaoneka n'komwe, poti munthu salemba amene sanagule. Lero ndili ndi tsamba lapadera la katundu amene wafunsidwa koma ndilibe.

Chachiwiri ndi ngongole. Ndinkadzitama kuti angongole anga ambiri amabweza, ndipo amabwezadi. Chimene sindinkawerenga ndi miyezi. Munthu wotenga feteleza mu Novembala n'kudzabweza atagulitsa fodya wagoneka ndalama yanga theka la chaka, pamene ndalama yomweyo ikanazungulira kangapo pa katundu wothamanga. Sindinasiye kukongoza, awa ndi anansi anga ndipo ena ndi abale. Koma tsopano ndimadziwa malire a ndalama imene ndingagoneke osapha sitolo.

Chachitatu ndiye chinandiwawa. Aliyense kuno amadziwa kuti chimanga chimatsika mtengo pokolola, chimakwera Januwale ndi Febuluwale. Ndiye tonse timathamangira kugula n'kusunga, tikumati phindu lilipo basi. Mwanayo anawerengera mankhwala othira, matumba, lendi ya chipinda, kuchepa kwa sikelo chimanga chikauma, chimene anadya anankafumbwe ndi makoswe, ndi phindu limene ndalamayo ikanapanga m'sitolo. Pa zaka zinayizo, ziwiri ndinapindula ndithu, chimodzi ndinangobweza mpamba, chimodzi ndinaluza ndisakudziwa. Ndinkaona mtengo wogulira ndi mtengo wogulitsira, zapakatizo ayi.

Iye mwini anandichenjeza kuti zaka zinayi n'zochepa, ndisazitenge ngati lamulo. Anandionetsanso kuti mu Febuluwale malonda amagwa chaka chilichonse, nati kompyuta ikhoza kuonetsa kugwako koma chifukwa chake ndine ndingachidziwe. Ndipo ndikuchidziwa: nthawi imeneyo m'nkhokwe mwayera, kandalama kalikonse kakupita ku ufa. Kutsitsa mitengo sikungathandize pamenepo. Manambala amafuna munthu wodziwa dera pambali pake.

Tsono apa ndi pamene ndikukufunani inu akuluakulu. Kope langa limaona pakhomo panga pokha. Silidziwa zimene zikuchitika ku Domué, ku Furancungo, ku Lizulu kapena pamsika wa Kwachena mumzinda wa Tete.

Chaka china tinasonkherana ndi mnzanga, tinaoda mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kuchita hayala lole. Tinali titamva kwa munthu wina kuti ku Tete mtengo uli bwino, ndipo sanatinamize, unali bwino sabata imene iye anali kumeneko. Tinanyamuka usiku, kudutsa pa Mussacama, ulendo wa makilomita oposa 200. Kutacha tinapeza malole ena atandanda kale, onse mbatata, onse anamva uthenga womwewo. Inu mukudziwa kutentha kwa mumzinda wa Tete. Mbatata yochokera kozizira kuno ikafika kumeneko siyembekeza munthu. Tsiku lachitatu matumba apansi anayamba kuchucha madzi, fungo lake ndimalikumbukirabe. Amayi opikulitsa ankangodutsa, kugwira thumba, kutchula mtengo umene akufuna, podziwa kuti sitingabwerere nayo. Tinagulitsa motaya. Mnzangayo sanabwererenso pa bizinesi, mpamba wake unathera pomwepo. Tikanadziwa mtengo wa dzulo lake, ndi kuchuluka kwa malole amene alowa sabata imeneyo, tikanadikira masiku ochepa kapena kulowera kwina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ife tinafunsa. Panalibe woti atiyankhe ndi nambala yatsopano.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti dziko lathu la Mozambique silinayambe lero kusonkhanitsa mitengo. Dongosolo la SIMA la unduna wa zaulimi linayamba mu 1991, ndipo lakhala likutulutsa kalata ya sabata ndi sabata yotchedwa Quente-Quente, yonena mitengo ya chimanga, nyemba ndi zina m'misika ya m'dziko muno. Ndi ntchito yabwino, ndipo amene anaiyambitsa anaganiza mozama. Ine ndinaimva koyamba kwa mwana wa achimwene uja, nditachita kale bizinesi zaka zambiri. Ili m'Chipwitikizi, ili m'matebulo a manambala, ndipo kuti uipeze uyenera kudziwa poifuna. Mayi wogulitsa nyemba pamalire pa Calómuè, amene ndi mwini wake weniweni wa nkhaniyo, imudutsa patali.

Bweretsani manambalawa m'chilankhulo chathu ndi m'makutu mwathu. Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa kale m'Chinyanja, ndipo mawailesi a m'madera alipo. Mphindi khumi zokha, tsiku lodziwika, ola lodziwika, wina awerenge mitengo ya ku Ulongué, ku Tete, ku Chimoio ndi ku Beira. Atchule pa kilogalamu komanso pa lata, chifukwa kumudzi malonda amachitika pa lata. Anene ngati wakwera kapena watsika poyerekeza ndi sabata yatha, ndiponso ndi nthawi yomweyi chaka chatha, pakuti nambala imodzi payokha siuza munthu chochita. Zomwezo zitumizidwe pa uthenga wa pafoni, uthenga wamba umene umafika ngakhale pa kafoni ka mabatani, popeza si onse ali ndi WhatsApp. Pakhomo la msika uliwonse waukulu pakhale bolodi ndi choko. Koma chonde zizibwera msanga. Mtengo wa mbatata wa masabata awiri apitawo ndi umene unatigwetsa ife.

Ndipo musatiphatikize tonse m'nambala imodzi ya chigawo. Tete ndi wamkulu ndipo si wofanana. Kuno kumapiri a Angónia ndi Tsangano mvula imagwa bwino, timalima mbatata, nyemba, ngakhale tirigu. Kutsidya kwa Zambezi, ku Changara ndi ku Mágoè, n'kouma, anthu amadalira mapira, mbuzi ndi ng'ombe. Mukatenga zokolola za kuno ndi za uko n'kupeza nambala yapakati, mwapeza nambala imene sikunena za munthu aliyense. Wabizinesi amafuna kudziwa boma ndi boma, ngati n'kotheka dera ndi dera, chifukwa phindu lake lili pa kusiyanako: kumene zachuluka ndi kumene zikusowa.

Pali china chimene a ku Maputo sangachiganize msanga koma inu mukuchidziwa. Ife msika wathu ndi wa mayiko awiri. Pa Calómuè, pa Biri-Biri, pa Zóbuè, katundu ndi ndalama zimawoloka tsiku lililonse, ndipo ambiri timasunga makwacha ndi mametikali m'chikwama chimodzi. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Amene anagona ndi makwacha usiku umenewo anadzuka atasauka, ndipo ogula a kutsidya amene tinkawadalira anayamba kuona katundu wathu kudula. Zimenezo palibe akanaziletsa kuno. Koma kalata ya mitengo yonena za Angónia imene sitchula mitengo ya ku Dedza ndi ku Lizulu, kapena mmene kwacha ikusinthidwira pamalire, yasiya theka la nkhani. Kambiranani ndi anzanu a ku Malawi, nawonso amalemba mitengo ya m'misika yawo.

Za nyengo ndinene mwachidule. A bungwe loona zanyengo la INAM amalosera mmene mvula ya chaka idzakhalire. Mlimi uthengawo amaufuna asanabzale, koma ine wogulitsa mbewu ndimaufuna miyezi iwiri iye asanaufune, pamene ndikuoda. M'nyengo ya 2023 mpaka 2024, El Niño atabweretsa ng'amba, alimi ankafuna mbewu yocha msanga pamene ambiri a ife tinali titadzaza mashelefu ndi yokhalitsa. Chimodzimodzi misewu. Namondwe Ana atagumula mlatho wa pa Revúbuè mu Januwale 2022, aliyense woyembekeza katundu wochokera ku Tete ankangodalira mphekesera. Uthenga umodzi woona wochokera kwa inu, wonena njira imene ikudutsika, ndi ndalama kwa ife.

Makampani akuluakulu a m'chigawo chino zonsezi amachita kale, ndipo sindikuwadzudzula. Kampani ya fodya imadziwa mlimi wake aliyense, kukula kwa munda, feteleza amene anatenga, magiredi amene anagulitsa chaka chatha, ndipo pa zimenezo imadziwa woti imukongoze zingati. A malasha ku Moatize sangatumize sitima ku Nacala asanawerengere. Ogula mbewu akuluakulu ali ndi anthu m'misika yambiri amene amawaimbira foni m'mawa uliwonse. Ndiye pamene mlimi kapena wabizinesi wamng'ono akukambirana mtengo ndi wogula wotere, mmodzi akuona dziko lonse, winayo akuona mudzi wake. Wamng'onoyo sangalembe ntchito anthu oyendera misika. Boma lokha ndi limene lingamuonere, ndipo Lamulo nambala 34/2014 lonena za ufulu wodziwa zinthu limavomereza kale kuti nkhani zokhudza anthu zimene maofesi asunga, nzika ili ndi ufulu wozipeza.

Tsopano ndinene chinthu chimene anzanga ambiri sanganene pamaso panu. Wofunsa mafunso akabwera, ambiri sitinena zoona zonse. Ine ndemwe ndinachepetsapo nambala ya matumba. Chifukwa chake ndi mantha: sitidziwa ngati pepalalo likathera kwa owerengera zokolola kapena kwa okhometsa msonkho. Mlimi naye amachepetsa zokolola poganiza kuti mwina kukubwera thandizo, kapena amachulukitsa munda poganiza kuti kukubwera feteleza. Mukaphatikiza mayankho oterowo, ngakhale kompyuta yake ikhale yodula bwanji, chotuluka n'chopotoka, ndipo mapulani anu amamangidwa pamenepo. Mankhwala ake ndi awiri. Nenani poyera, ndipo musunge mawu anu, kuti zofunsidwa pa kafukufuku sizidzaperekedwa kwina ndi dzina la munthu. Kenaka tionetseni zotsatira. Munthu akaona kuti nambala imene anapereka yabwerera ngati uthenga womuthandiza kugulitsa bwino nyemba zake, chaka chamawa adzanena zoona mosakakamizidwa.

Nkhani ya dzina la munthuyi ikukhudzanso ndalama za pafoni. Malonda anga ambiri tsopano amadutsa pa M-Pesa ndi e-Mola, ena pa mKesh. Kumeneko kuli mbiri yanga yonse: zimene zimalowa pamwezi, miyezi yabwino ndi yoipa, mmene ndimalipirira amene ndimaodako. Nditapita ku banki ina kukafunsa ngongole yoonjezera mpamba, anandifunsa chikole cha nyumba yokhala ndi mapepala. Ndinawaonetsa makope ndi matebulo amene mwana uja anakonza. Anayang'ana mwaulemu n'kundibwezera, nati dongosolo lawo silizilandira. Inu amene mumakhala pamodzi ndi a mabanki ndi a makampani a mafoni, akumbutseni kuti mbiri ya malonda a munthu ndi umboni woti angathe kubweza. Koma mbiriyo ndi yanga. Iperekedwe ine nditavomera, kwa amene ine ndasankha. Ndime 71 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza nkhani za munthu zosungidwa m'makompyuta, ndipo sindikufuna kuti pofuna kutithandiza mutsegule khomo loti aliyense azisuzumira m'chikwama mwathu.

Chotsala ndi anthu otha kuwerenga manambalawa. Ine ndinachita mwayi, m'banja mwathu munapezeka wophunzira. Anzanga ambiri alibe. Pamene kuno ku Ulongué kuli ophunzira zaulimi a UniZambeze, ku Tete kuli a Instituto Superior Politécnico, ndipo chaka ndi chaka amasowa malo ochitira maphunziro a pantchito. Atumizeni kwa ife. Wophunzira mmodzi akhale ndi gulu la alimi kapena amalonda khumi kwa miyezi itatu, awathandize kulemba bwino kope: tsiku, katundu, muyeso umodzi wosasintha, mtengo woodera, mtengo wogulitsira, ndalama ya dziko liti. Asayambe ndi mapulogalamu ovuta. Ambiri a ife kope lolembedwa bwino ndi kakyuleta ya pafoni zikutikwanira kuyankha mafunso amene amapha mabizinesi: katundu uti akundidyetsa, uti akungogona, ndalama yanga ili kwa yani ndipo yakhalako miyezi ingati. Aphunzitse m'Chichewa. Maphunziro a masiku awiri mu holo, a m'Chipwitikizi, okhala ndi fanta ndi satifiketi, tawaona ambiri, ndipo munthu akabwerako kope lake limakhala lomwe lija. Wophunzirayo nayenso adzapindula. Mwana wa achimwene anga amanena yekha kuti za lata yosongoka ndi yosalaza sanaziphunzire m'kalasi.

Alangizi a zaulimi amene muli nawo kale m'madera musawasenzetse mafomu ena owonjezera popanda mafuta a njinga ndi mayunitsi a foni. Nambala yolembedwa munthu atakhala pansi pa mtengo chifukwa analibe choyendera imaoneka bwinobwino papepala, ndipo ndi imene imasocheretsa kwambiri.

Pamene ndikulemba kalatayi ndili ndi mndandanda wa mbewu patebulo, ndiyenera kutumiza oda mwezi uno usanathe. Kuchokera m'makope anga ndikudziwa mitundu imene inayenda zaka zapitazi ndi imene inatsala. Za mvula ya chaka chino, za mahekitala amene anthu akufuna kulima soya m'malo mwa chimanga, za mtengo umene nyemba zikugulidwa ku Beira, ndikungoganizira, pamene mwina wina mwa inu ali nazo pa kompyuta yake. Mukadzafika ku Ulongué, dzafunseni sitolo za mbewu zili pafupi ndi msika. Makope anga ndi matebulo aja ndidzakuonetsani ndi mtima wonse, ndipo anzanga angapo avomera kale kubweretsa awo. Inunso mudzabwere ndi anu.

Ine wanu mwaulemu,

Mayi wogulitsa mbewu ndi zipangizo zaulimi,
Ulongué, Angónia